Wotchi Yanga Sipopa Magazi

Kampani ina yotumiza katundu kuno ku Mangochi inatsala pang'ono kundiphetsa Lachiwiri lapitali. Sindikukokomeza. Anandikankhira panja, kumene kunali anthu atanyamula miyala, iwo n'kutseka chitseko, n'kukhoma. Mlandu wanga? Wotchi. Wotchi ya pamkono.

Dzina la kampaniyo sindilitchula lero. Eni ake akudzidziwa, ndipo ndikudziwa kuti awerenga. Ndikulemba ndili m'nyumba, makatani otseka, masanasana. Njinga yamoto ikangoima panja, ndikumasiya kulemba n'kumvetsera kaye kuti atsika angati.

Kwa amene simundidziwa, ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno kuboma. Kumapeto a sabata ndimaimbira mpira m'maligi athu a m'maderawa. Ambiri mumangoti a Refa, ena mumawonjezera mawu amene sindingawalembe pano. Nthenda yanga ndi imodzi basi: mawotchi akale a zamasewera, aja okhala ndi mivi pamwamba ndi kawindo ka manambala m'munsi. Yoyamba inabwera ndi malemu bambo anga kuchokera ku migodi ya ku Joni. Ina ndinaifukula pa kaunjika, pansi pa mulu wa malamba. Ina anandigulitsa msodzi wa ku Chembe amene anaikola m'khoka, itachita ndere koma ikuyendabe. Ndimawatsegula, kuwapukuta, kuwasakira mabatire, kuwasinthira malamba aja amafumbutuka okha akakalamba. Ndinazolowera kuvala awiri, mkono uno ndi uno. Mivi imandiuza nthawi ya tsiku, manambala amandiwerengera mphindi za mpira, ndipo palibe kochi amene angandiphunzitse kuti nthawi yatha. Akazi anga amati ndikanakhala wosonkhanitsa mbuzi bwenzi pano tili ndi khola. Lero sindingawatsutse.

Pali wotchi imodzi imene ndakhala ndikuisaka zaka zambiri. Ili ndi mivi, ili ndi manambala, koma pambali pali kagalasi kakang'ono ngati diso la usipa. Ukaika chala pamenepo, imawerenga kugunda kwa mtima. Ankapangira anthu othamanga. Alamu anga a Saidi, amene ali ku Joni, anaipeza m'sitolo ya zinthu zakale. Anaika batire latsopano, n'kundiimbira akuseka, kuti alamu konzani mkono wachitatu. Anapatsira mnzawo wobwera kumudzi, mnzawoyo atafika ku Blantyre n'kuipereka ku kampani ija. Pa katoni analemba zilembo zikuluzikulu: Mangochi boma, dzina langa, nambala yanga ya foni. Mwana wa sitandade 2 akanawerenga osajejema.

Ndinapita ku ofesi yawo ya kuno. Akuti sinafike. Mawa lake, akuti netiweki yavuta. Tsiku linalo, akuti amene amadziwa za katundu wa ku Blantyre wapita ku maliro. Sabata itatha, mayi wa pakauntala anandiuza, osandiyang'ana n'komwe, kuti katundu wanga ali ku nthambi yawo ya kumtunda, pasenta ina panjira ya ku Namwera. Ndinafunsa kuti wafikako bwanji. Akuti dalaivala anaiwala kutsitsa. Ndinati chabwino, abwere naye pobwerera. Akuti galimoto yobwerera ilibe tsiku lenileni, ngati ndili pachangu ndikwere ndekha ndikatenge. Ndiye tinalipira kuti katundu andipeze ine, kapena kuti ine ndizisaka katundu m'mapiri?

Tonse tikudziwa zimene zikumveka kumtundako masabata ano. Mphekesera ya anamapopa yadzukanso. Akuti kuli anthu achilendo oyenda ndi tizida topopera magazi a anthu. Palibe amene wawaona ndi maso ake, koma aliyense ali ndi msuweni amene anawaona. Ndinawauza mayi aja kuti si nyengo yabwino yoti mlendo azikayendayenda kumeneko katoni ili kukhwapa. Anaseka. Akuti, kodi inu mukuoneka ngati namapopa?

Ndinapita. Amene amasonkhanitsa zinthu andimvetsa. Chinthu wachidikira zaka zonsezo, uchisiye chizigona pashelefu ya anthu amene amaponya makatoni ngati mitolo ya nkhuni? Titaweruka kusukulu ndinangokoleka chikwama changa cha kumsana, chomwe chija ndimapita nacho kubwalo, osachikhuthula, n'kukwera minibasi. M'minibasimo nkhani inali yomweyo. Mayi wina akuti kwawo anthu akugona pamodzi pabwalo la sukulu. Bambo wina akuti anamapopawo amavala bwino, amaoneka ngati a ku ofesi. Ponena zimenezo anayang'ana malaya anga oyera. Ndinatsitsa manja a malaya kuti ndiphimbe mawotchi, koma kutentha kunandikanika, ndinawapindanso.

Linali tsiku la msika. Ofesi yake ndi kachipinda kamodzi kutsogolo ndi kena mkati, ndipo pomwepo anthu amatumizirapo ndalama za pafoni, ndiye mzere unachita kutulukira pakhonde. Sentayo sinditchula dzina. Anthu ake si amene ndikulimbana nawo.

Nditangonena chimene ndabwerera, mlonda anadzuka pampando.

“Oho! Ndinu eni ake a katundu wolira uja?”

Ndinafunsa kuti wolira bwanji.

“Amalira yekha ameneyo, bambo. Ola lililonse, pii-pii. Munthu osamukhudza. Ine ndiye ndinasiya kukhala mbali imeneyo.”

Alamu anga anasiya kabelu ka maola kali kotsegula. Mawotchi onsewa amatero. Ndinaseka. Sindinadziwe kuti sabata yonseyo mlondayu wakhala akuuza aliyense, ku tiyirumu, kumsika, kuti mu ofesi mwawo muli katundu wa ku Joni wolira yekha, ndipo mwini wake sakuoneka. Izi ndinazimva pambuyo pake. Pa nthawiyo ndinangoona anthu a pamzere atatembenuka, akundiyang'ana kuyambira kumagalasi mpaka kunsapato, maso n'kukaima pa mikono yanga.

Mtsikana wa pakauntala anabweretsa katoni, n'kutenga lezala. Ndinati musatsegule pano, ndikatsegula kunyumba. Akuti ndi lamulo, katundu wokayikitsa amatsegulidwa mwini wake ali pomwepo. Ndinati ndiye tilowe mkati. Akuti mkati ndi mwa ogwira ntchito okha. Anang'amba. Anatulutsa wotchi, n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aione. Chinthu chimene eni ake akale anachisamala zaka zonsezi, iye akungodinadina mabatani ndi zikhadabo.

“Nanga kadiso aka n'kachiyani?”

Ndikanangoti sindikudziwa. Koma ndine mphunzitsi, munthu akandifunsa funso pakamwa pamatseguka pokha. Ndinati ikanipo chala. Anaika. Pakawindo panaoneka kamtima kakuphethira, wotchi n'kumalira motsatira mtima wake. Pii. Pii. Pii. Anachotsa chala msangamsanga.

Ndinati, “Musaope, chemwali. Ikungowerenga mmene mtima wanu ukupopera magazi.”

Ndiuzeni, abale. M'Chichewa mtima umawatani magazi? Umawatunga? Umawakolopa? Ine ana a sitandade 7 ndimawaphunzitsa chaka ndi chaka kuti mtima umapopa magazi. Amalemba pamayeso, ine n'kuchonga. Mawu ena ndilibe.

Iye anatembenukira kuchitseko cha mkati, akuseka, n'kufuula ndi mawu onse.

“Bwana, tabwerani muone! Akuti imapopa magazi!”

Ankaseka yekha. Pamzere panalibe anaseka.

Mayi wina anakoka mwana wake n'kumubisa kuseri kwa chitenje. Bambo amene anali kumbuyo kwanga anatuluka chafutambuyo, osandichotsa maso. Ndinamva mawu aja akutuluka pakhomo, akudutsa pakhonde, akuwoloka msewu. M'Chichewa, kenako m'Chiyao. Chiyao ndimachimva mokwanira kudziwa kuti miyasi ndi magazi. Ndinati ayi, ayi, sindinatero, ndati mtima ndi umene umapopa. Mawu anga anatuluka ang'onoang'ono, ngati si anga. Ndipo ndinali nditabwerezanso liwu lomwe lija.

Apa mtsikana uja kuseka kunamuthera. Mukuganiza kuti anakonza mawu ake? Anayang'ana chala chake, n'kuchigwedeza, n'kunena kuti chachita dzanzi.

Bwana wa nthambiyo anatuluka akupukuta m'manja, akutafuna. Munthu wamkulu ndithu, wa taye. Ndinamugwira mkono. Ndinamuchonderera, ndipo ndikunena kuchonderera kwenikweni, kosayang'ana kuti ndani akuona. Ndinati bwana, imani pakhomo muwauze kuti ndi wotchi, inu akukudziwani, akumverani. Akuti iye za mawotchi sadziwa. Ndinati tengani, ikanipo chala chanu aone kuti simukomoka. Anabisa manja kumbuyo. Ndinati ndiye ndibiseni mkati, muimbire apolisi. Akuti mkati ndi mwa ogwira ntchito okha. Panja phokoso likukula, wina akumenya chitsulo kuitana anthu. Anasuzumira pawindo, n'kunena kuti anthuwa akalowa aphwanya magalasi ndi kompyuta, ndipo akulikulu adzamuimba mlandu iyeyo. Magalasi. Kompyuta. Ine ndaima pamaso pake ndi mutu wanga umodziwu.

Kenako anandisunthira buku ndi cholembera. Akuti ndisaine kaye kuti katundu ndalandira.

Ndinasaina. Mpaka pano sindimvetsa. Mantha amamupangitsa munthu kumvera zilizonse. Nditangoika cholembera pansi, anandipanikiza wotchi m'dzanja, n'kukodola mlonda. Anatulutsa anthu otsala, kenako awiriwo anandigwira mapewa. Ndinakakamira felemu ya chitseko, mlonda n'kumamatula zala zanga chimodzichimodzi. Ndinangozindikira ndili pakhonde. Kumbuyo kwanga ndinamva chitseko chachitsulo chikutsekedwa, kenako loko.

Musandifunse kuti inali nthawi yanji. Ine amene ndimakumbukira mphindi imene chigoli chilichonse chinalowa, tsiku limenelo ndinali ndi mawotchi atatu ndipo sindinayang'ane ndi imodzi yomwe.

Anthu anali atadzaza msewu. Amayi a tomato, anyamata a pachiwaya, madala a mikanjo, anthu oti anangobwera kudzagula mchere. Nkhope wamba. Ena anali ndi mantha kuposa ine, ndinawaona m'maso. Mdala wina anayesa kunena kuti anditengere kwa amfumu, koma mawu ake anamira. Wina anandilanda chikwama n'kuchikhuthulira pansi. Munagwa wezulo. Munagwa makhadi, lachikasu ndi lofiira. Munagwa kachitini kanga kokhala ndi tizitsulo tomasulira mawotchi ndi timabatire tonyezimira. Kenako munagwa pampu ya mpira, singano yake ili kumapeto.

Refa aliyense amayenda ndi pampu. Mipira ya m'maligi athu mukuidziwa, imafika pabwalo itatopa kale. Koma taganizani mmene pampu ndi singano zinaonekera pansi paja, tsiku limenelo, pamaso pa anthu amenewo.

Anakuwa onse pamodzi. Mbama yoyamba inandichotsa magalasi, ndipo kuyambira pamenepo ndinkangoona mwachimbuuzi. Mwala unandipeza paphewa. Wina unandipeza pamwamba pa khutu, ndinamva kutentha kukutsikira m'khosi. Wotchi ija anandilanda, anaiika pasimenti, n'kuiphwanya ndi njerwa. Zaka zonse ndinaisaka zija, m'manja mwanga inakhalamo kamphindi. Sindinaimvere chisoni n'komwe. Ndinali nditamva wina akuitanitsa petulo, wina n'kumuyankha kuti tayala lili kwa wowotcherera.

Ndinamenya chitseko chija ndi zigongono, ndi chidendene. Ndinaitana bwana. Ndinaitana chemwali. Ndinkawamva akuyankhulana mkatimo, pafupi kwambiri moti pakanapanda chitseko ndikanawakhudza. Ndinagwada. Ndinatchula dzina la sukulu yanga, dzina la wansembe wathu ku Malindi, dzina la mfumu ya kwathu. Palibe ankamva. Ndinadzinyowetsa. Ndikunena poyera, sindikuchita nazo manyazi. M'mutu munali chinthu chimodzi chokha: akandiwotcha, akazi anga adzandizindikira ndi chiyani?

Amene anandipulumutsa si wa kampani. Si wapolisi. Ndi munthu amene amadana nane.

Ndinamva njinga yamoto ikung'amba gulu, hutala osalekeza. Wa kabaza wina wamtali anatsika, anandigwira chibwano n'kunditukula nkhope.

“Taimani kaye! Walahi, ameneyu ndikumudziwa ine! Si refa uja anatikaniza penate chaka chatha uyu? Wa mawotchi awiri uja!”

Anali Che Dauda, kaputeni wa timu ya kumeneko. Tsiku la penateyo ndinamupatsa khadi lofiira chifukwa chonditukwanira mayi anga, ndipo anandilonjeza kuti tsiku lina tidzakumana. Anatola khadi pansi n'kulikweza.

“Ili! Lomweli anandionetsa ine! Pampu iyi tinapopera mpira wathu womwe, inu munalipo, mwaiwala? Munthu uyu ndi wakuba, sindikukana. Koma amaba mapenate. Magazi anu awatani?”

Anyamata ena anayandikira kudzandiyang'anitsitsa. Wina anati ndi yemweyo, refa wopanda maso uja. Wina anaseka. Ena sanaseke. Kumbuyo wina anafuula kuti refa naye akhoza kukhala namapopa, ndipo Dauda wadya nawo. Koma miyala inali itaima kaye. Che Dauda sanadikire kuti agwirizane chimodzi. Anandiponya panjinga ngati thumba la chimanga, n'kuliyatsa. Mwala womaliza unamenya kumbuyo kwa njinga.

Tikutsika phiri lija, ine magazi ali chuchuchu, ndamukumbatira m'chiuno, iye akundikalipira njira yonse. Ndi iye anandiuza za mlonda ndi katundu wolira. Akuti anthu akhala akudikira mwini katunduyo masiku onsewa, ndipo ine ndabwera ndekha ndi miyendo yanga, malaya oyera, chikwama kumsana. Kenako anati, “Koma a Refa, nenani zoona pamaso pa Mulungu. Ija sinali penate?” Ndinati inali penate. Akanati ndivomere kuti anali awiri, ndikanavomera. Ananditula pachipatala. Pochoka anandiuza kuti ndisaonekenso kumtunda mpaka mphepo imeneyi itadutsa, chifukwa mawa iye sadzakhalapo. Che Dauda, ngati wina angakuwerengereni izi, sikomo kwejinji. Ana anga akadali ndi bambo chifukwa cha inu.

Akazi anga anandipeza akundisoka. Sanalire. Anangoyang'ana thalauza langa, n'kumasula chitenje chawo chapamwamba n'kundifunditsa m'miyendo. Anadzalira titafika kunyumba.

Ndinkayesa zathera pomwepo. Lachitatu m'mawa alamu anga anandiimbira kuchokera ku Joni. Akuti alamu, kanema uyu ndi inu?

Pali kanema. Akuzungulira m'magulu a pafoni. Ndikuonekamo nditagwada, magazi kumaso, pampu ndi singano pambali panga. Pansi alemba kuti namapopa wagwidwa ndi zida zake. Akuthera pomwepo. Che Dauda mulibe. Za refa mulibe. Ndipo amene muli naye, taonetsetsani bwino: wajambulidwa kuchokera mkati mwa ofesi. Zitsulo za pawindo zikuoneka. Mawu a mtsikana akumveka pafupi, akuti jambulani pampuyo, jambulani pampuyo. Ndiye foni yoimbira apolisi panalibe, koma yojambulira inalipo? Ine ndikumenya chitseko chanu, inu mukusaka poonekera bwino?

Kanemayo wafika kuno kuboma. Wafika m'gulu la makolo a kusukulu kwathu. Lachinayi ahedi anabwera kunyumba, munthu wabwino, akulephera kundiyang'ana. Akuti ndiyambe ndapuma kaye, chifukwa makolo ena anena kuti ana awo salowa m'kalasi mwanga. Ana amene ndinawagwira dzanja ndi dzanja kuti adziwe kulemba maina awo. Akuti ambiri akudziwa kuti ndi bodza, koma akuopa ochepawo. Inenso ndikuopa ochepawo. Kumtunda kuja sikuti aliyense anaponya mwala.

Mayi woyandikana nafe, amene takhala tikupalana moto zaka zambiri, dzana anaitana ana ake kuti achoke pakhomo pathu. Anawaitana mokweza, kuti timve. Lero m'mawa tapeza kamulu ka miyala pafupi ndi geti. Mwina ndi ana amasewera. Mwina. Ana athu tawatumiza kwa agogo awo ku Malindi. Akazi anga akana kupita. Kupolisi ndinakanena, analemba, akuti afufuza. Sindikuwadandaula. Koma wapolisi sangakhale pakhomo panga tsiku lonse.

Mawotchi anga onse ndawachotsa mabatire. Ndinakhala pansi n'kuwatsegula imodziimodzi ndi nsonga ya mpeni, poti tizitsulo tanga tinatsala kumtunda. Ndi ya malemu bambo anga yomwe. Ndikuopa kuti ina ingalire munthu akudutsa kuseri kwa nyumba. Zafika poti ndikuopa katundu wanga yemwe, m'nyumba mwanga.

Lachisanu ndinalimba mtima. Ndinavala chipewa, akazi anga n'kundiperekeza ku ofesi ya kuboma ija. Mayi wa pakauntala uja, wofunsa ngati ndikuoneka ngati namapopa uja, atandiona anapeza chochita pansi pa tebulo. Bwana wa kuno anandimvetsera akusewera ndi makiyi. Akuti pepani ndi zimene zachitika. Akuti koma malinga ndi buku lawo katundu ndinalandira ali bwinobwino, ndipo ndinasaina. Akuti zochitika kunja kwa chitseko si za kampani. Ndinafunsa kuti kunja kwa chitsekoko anandiika ndani. Akuti afufuza. Ndinamuonetsa kanema, zitsulo za pawindo, mawu a wantchito wawo. Akuti masiku ano mafoni amapanga zinthu zambiri. Ndinavula chipewa kuti aone ulusi uli pamutu pangawu, ndinati nanga uwu wapangidwa ndi foni? Akuti tisakweze mawu, pali makasitomala.

Ndinapempha chinthu chimodzi chokha. Kampani inene poyera, pawailesi ya m'dera lino ndi pasenta paja, kuti m'katoni muja munali wotchi. Akuti zimenezo zingaipitse dzina la kampani, ayambe afunsa kulikulu. Ndinafunsa kuti kulikulu ayankha liti. Akuti amene amaona za madandaulo ali pa tchuthi. Tikutuluka anatiitana, akumwetulira. Akuti pofuna kundipepesa, katundu wotsatira adzanditumizira ulere.

Akazi anga ndi amene anandikoka mkono. Ndikanayankha, bwenzi pali kanema wachiwiri.

Tsono inu a kampani, ndiyankheni pano pomwe, anthu akuona. Katundu wolembedwa Mangochi boma anakatani kumtunda? Ndani anapatsa mlonda wanu ntchito yolengeza katundu wa anthu ku tiyirumu? Lamulo lotsegula katoni pagulu lilipo, koma lamulo lobisa kasitomala amene akufuna kuphedwa pakhomo panu palibe? Chipinda cha mkati chija muli chiyani chamtengo kuposa munthu? Amene anajambula kanema uja akadali pantchito? Dzina lanu mukuliteteza, ndamva. Langa ndiliteteze ndi chiyani, poti nkhope yanga ili m'foni ya aliyense?

Wotchi sindikuifuna. Musandibwezere kanthu. Ndikufuna bwana wa taye uja aime pakhonde pomwe paja, tsiku la msika, mtsikana uja ndi mlonda ali pambali pake, anene m'Chichewa ndi m'Chiyao kuti inali wotchi ya anthu othamanga, ndipo munthu uja ndi mphunzitsi. Ndi mawu ochepa kwambiri. Akanawanena Lachiwiri lija, bwenzi ana anga ali pakhomo pano.

Anzanga okonda mawotchi akalewa, ndikudziwa kuti tilipo angapo kuno mpaka ku Monkey Bay. Uzani amene akukutumizirani kuti achotse batire asanamate katoni. Musalole munthu atsegule katundu wanu pagulu, ngakhale atchule malamulo onse. Wina akakufunsani kuti kabatani aka n'kachiyani, muuzeni kuti n'kowonongeka. Ndipo katundu akasochera kumalo kumene sakukudziwani, musiyeni asochere.

Inu amene muli ndi kanema uja m'foni, ndikukupemphani, musamutumizenso. Amene munatumiza kale, tumizani ndi izi komwe munatumizako. Mwina munangoti mukuchenjeza abale anu. Koma munthu wagwada pamenepoyo ndine, ndipo ndimakhala pafupi nanu pompano.

Lolemba ndibwerera kusukulu, kaya andilola kulowa m'kalasi kaya sandilola. Ndikapitiriza kubisala anena kuti wathawa, ndiye kuti zinali zoona. Njira yanga ndi imodzi, imadutsa pakati pa msika, ndipo ina ndilibe. Ndikuopa. Ndikuopa kwambiri. Ndalemba zonsezi lero kuti zikandivuta panjira, akazi anga asadzavutike kufotokozera anthu kuti mwamuna wawo anali ndani.